Mbalame za ku Zomba ndinazidziwira ku laibulale

Anthu ambiri kuno ku Zomba amati laibulale ndi ya ana a sukulu, ndipo n'zomveka kuti aziganiza choncho. Mayeso akayandikira mipando yonse imadzaza ndi a Fomu 4 amene akulimbana ndi masamu ndi Biology, ena a ku koleji, ena okonzekera mayeso a ntchito. Munthu wa msinkhu wanga akalowamo amaoneka ngati wabwera kudzafuna mwana, kapena kudzaona nyuzipepala ya tsikulo. Koma nyumba imeneyi si ya mayeso okha ayi. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1967 n'kuyamba ntchito mu 1968, likulu la dziko lidakali konkuno lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo cholinga chake chinali chakuti Mmalawi aliyense azitha kupeza buku, wamng'ono ndi wamkulu yemwe. Ine laibulale yathuyi yandiphunzitsa chinthu chimene palibe adzandifunse pa mayeso alionse. Yandiphunzitsa mbalame.

Chiyambi chake chinali BP. Kuchipatala anandiuza kuti magazi akuthamanga, ndichepetse mchere ndi mafuta, ndiponso ndiziyenda wapansi m'mawa ndisanapite ku ntchito. Ndinayamba kumadzuka m'mbandakucha, kudutsa pamsika amayi a tomato akungoyala kumene, n'kukwera msewu wolowera cha ku Botanical Gardens. Nthawi imeneyo magalimoto amakhala asanachuluke, ndiye chomveka ndi mbalame basi. Ndinabadwira m'boma lomwe lino, koma zimene ndinkatha kutchula zinali zomwe aliyense amadziwa: khwangwala wa pamsika, njiwa, pumbwa, mpheta, kabawi wogwira anapiye. M'mawa wina mbalame yokulirapo kuposa nkhunda, yobiriwira biriwiri, ya mchira wautali ndi tsumba losongoka, inadumpha msewu kuchoka mumtengo wina kupita mu unzake. Itatambasula mapiko, m'menemo munali mofiira psuu. Ndinafunsa anzanga ku ofesi, onse anangopukusa mitu.

Mwana wa mchemwali wanga, amene tinkakhala naye, ankawerengera mayeso ake ku laibulale. Loweruka lina nditamupititsira ndalama ya chakudya, ndinaima pa tebulo la ogwira ntchito. Panali mtsikana wina waulemu kwambiri.

"Achemwali, kodi muli nalo buku la mbalame za kuno kwathu?"

"Zoweta, amayi? Nkhuku, abakha, zinziri?"

"Ayi, zam'tchire."

"Oho. Tabwerani kuno ndikuonetseni."

Sanangondilozera ndi chala. Anadzuka n'kundiperekeza mpaka pa shelefu, uku akundifotokozera kuti mabuku saikidwa mwachisawawa. Malaibulale ambiri amatsatira kasanjidwe ka Dewey, mmene phunziro lililonse lili ndi nambala yake. Za sayansi ya chilengedwe zili m'ma 500. Zomera zimayambira pa 580, tizilombo ndi agulugufe pa 595, nsomba ndi njoka pa 597, mbalame pa 598. Nkhuku zoweta zili kwina, m'ma 636, limodzi ndi zaulimi. Anasolola buku lonenepa, chikuto chake chomatidwa ndi selotepi, tsamba lililonse lodzaza zithunzi zojambula pamanja. Sitinachedwe kuipeza mbalame yanga ija, ili pa nthambi, tsumba lake njoo, m'nsonga mwake moyera. Buku linkaitcha Livingstone's turaco.

"Koma limeneli ndi la reference, amayi, silituluka. Muziwerengera momwe muno. Obwereka ali uku."

Tsiku lomwelo ndinadzaza fomu ya umembala, n'kubwereka kabuku kena kopyapyala kolembera ana, kofotokoza mmene mbalame zimaulukira, zimamangira zisa ndi kusamukira kutali. Buku la ana musalinyoze mukamayamba chinthu chatsopano. Limanena zinthu molunjika, ndipo siliganiza kuti mukudziwa kale.

Lamulo loti buku lalikulu lija silituluka ndi limene linandithandiza kwambiri. Popeza sindikanatha kuyenda nalo, ndinagula kope la chikuto cholimba ndi pensulo. Ndikaona mbalame panjira ndimalemba pomwepo zimene maso aona, ndisanaone buku lililonse, ndipo Loweruka ndimapita ku laibulale kukayerekeza. Dongosolo limeneli ndilofunika. Ukayamba ndi chithunzi cha m'buku, maso amafuna kuona zomwe zili m'bukuzo ngakhale pamene palibe. Ukayamba ndi kulemba, umakakamizika kuyang'anitsitsa.

Masamba oyambirira a bukulo, amene anthu ambiri amawalumpha, ndi amene anandiphunzitsa zoyenera kulemba. Choyamba ndi msinkhu, ndipo muyeso wake ndi mbalame zomwe umazidziwa kale: kodi ndi yofanana ndi mpheta, pumbwa, njiwa kapena khwangwala? Kenako mlomo, chifukwa mlomo umaulula chakudya. Waufupi ndi wonenepa ndi wa zodya njere, monga mpheta ndi atchete. Wowonda, wautali ndi wopindika ndi wa choso, amene amayamwa timadzi ta m'maluwa. Wokhota ngati mbedza ndi wa zodya nyama. Ukatero umaona mchira, ngati uli wamphanda, wodulidwa kapena wautali. Umalembanso pamene waipeza, kaya pansi, pansonga ya mtengo, m'bango kapena pawaya, ndi mwezi wake. Mtundu wa nthenga umabwera pomaliza, pakuti umanamiza. Mbalame imodzimodziyo imaoneka yakuda bii ikakhala kumene kukuchokera dzuwa, koma ikatembenuka umapeza kuti ndi yobiriwira monyezimira. Pambali pa chithunzi chilichonse pali kamapu kosonyeza kumene mbalameyo imapezeka, ndipo kamapuko kamathetsa mikangano yambiri. Ngati mbalame imakhala ku Nyika kokha, imene waiona pa Chikanda si imeneyo.

M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650. Nditawerenga zimenezo ndinatseka buku kaye. Dziko laling'ono ngati lathuli!

Sukulu yanga yeniyeni inakhala Botanical Gardens. Munda umenewu unayamba mu 1891, ndipo amene anauyambitsa ndi Alexander Whyte, munthu amene ankatolera zomera ndi nyama m'nthawi ya Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno. Dzina lake lili pa mkungudza wa ku Mulanje m'chilankhulo cha asayansi, lilinso pa mbalame ina yotchedwa Whyte's barbet. Mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo, mitengo ndi italiitali, ndipo m'mawa mumazizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Kumeneko ndinadziwana ndi bambo ena achikulire amene ankakonda kukhala pa benchi pafupi ndi mlatho. Ataona kuti ndikungoyang'ana m'mwamba, kope lili m'manja, anandifunsa chimene ndataya. Ndinawaonetsa chojambula changa.

"Nkulukulu imeneyo, mayi. Musavutike n'kuzungulira munda wonse. Pezani mkuyu umene nkhuyu zake zapsa, mukhale pansi pake. Ibwera yokha."

Ndinachitadi zomwezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita nthawi ndinamva kulira kokhadzula, koo koo koo, ndipo zinabwera ziwiri. Nkulukulu siuluka kwambiri ikakhala mumtengo. Imathamanga pa nthambi, n'kudumpha, n'kuthamanganso, ndipo chala chake chimodzi chimatha kutembenukira kutsogolo kapena kumbuyo kuti igwire bwino. Imameza nkhuyu yathunthu. Kuzungulira diso kuli kofiira, ndi timizere toyera ngati wachita kulemba. Ku laibulale ndinakapeza kuti kufiira kwa mapiko ake n'kwapadera: m'nthenga zimenezo muli mkuwa, umene mbalameyo imaupeza m'zipatso zimene imadya. Bambo aja za mkuwa sankazidziwa, koma buku nalo silikanandiuza mkuyu wake. Kuyambira pamenepo ndimafunsa konse kuwiri.

Pali mbalame ziwiri zimene ndinakula ndikuziopa, nantchengwa ndi kadzidzi. Amayi anga akamva kadzidzi padenga ankadzuka n'kuponya chikuni chamoto panja, ndipo usiku umenewo tulo sitinkabwera. Sindiwaseka, chifukwa mantha amenewo anawalandira kwa makolo awo, ndipo nanenso mtima umagundabe akalira pafupi. Koma kuwerenga kunandipatsa china choika pambali pa manthawo. Kadzidzi wa nkhope yoyera amene amakonda kukhala m'masiling'i ndi m'matchalitchi amadya makoswe ndi mbewa, ndipo akakhala ndi ana amasaka usiku wonse. Amabwera pafupi ndi nyumba chifukwa makoswe ali pafupi ndi nkhokwe. Nthenga zake ndi zofewa m'mphepete kotero kuti pouluka samveka, ndipo makutu ake amatha kutsata khoswe mumdima. Nantchengwa naye ndi mmisiri. Chisa chake, chimene ndinachiona paphanda la mtengo m'mbali mwa Likangala, ndi mulu waukulu wa timitengo, udzu ndi matope, chofoleredwa pamwamba, khomo lake laling'ono lili cham'munsi. Ziwiri zimamanga pamodzi kwa masabata ambiri, ndipo chisa chikasiyidwa akadzidzi amalowamo. Ndimamva chisoni ndikaona ana akugenda mbalame zimenezi chifukwa cha nkhani zimene ife akuluakulu tinawauza.

Za ana a malegeni ndinene pang'ono. Anyamata a m'dera lathu amadziwa chisa chilichonse, amadziwa kumene nthengu imagona ndi mtengo umene uli ndi ulimbo wabwino. Sindinawadzudzule. Pakhomo pamene ndiwo zikuvuta, mpheta zowotcha si masewera. Ndinangowapempha kuti azindionetsa, ine n'kumawaonetsa kope langa. Awiri mwa iwo anapita nane ku laibulale, n'kukhala duu pa bukulo mpaka nthawi yotseka, akukangana ngati nthengu ya m'chithunzi ili ndi diso lofiira ngati yeniyeni. Ili nalo. Mmodzi pano ali mu kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwawo, imodzi mwa makalabu a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lakhalapo kuyambira 1947. Legeni sanaitaye, koma amajambula bwino kuposa ine, ndipo ali ndi khadi lake la laibulale.

Chimene chinandikweza phiri ndi kambalame kamodzi. M'bukumo ndinapeza kamapu kamene kanali ndi timadontho titatu tokha, tonse kummwera kwa Malawi. Kambalameko ndi yellow-throated apalis, ndipo padziko lonse kamapezeka pa phiri la Mulanje, la Zomba ndi la Malosa basi. Munthu wa ku London kapena ku Johannesburg akafuna kukaona ayenera kubwera kuno. Ine ndakhala m'tsinde mwa phirili moyo wanga wonse. Ndinasunga ndalama n'kugula magalasi oonera patali akaunjika, ndipo ndinakwera pa galimoto mpaka ku Ku Chawe, kumene anyamata amagulitsa mastroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu. Mmodzi wa anyamata operekeza alendo ananditengera ku kankhalango kachilengedwe kotsatira mtsinje.

Tisanafike tinadutsa m'mapaini, ndipo m'menemo munali zii. Pansi pa paini sipamera zambiri, ndiye tizilombo n'tochepa, mbalame nazonso n'zochepa. Titangolowa m'mitengo yachilengedwe, ya ndele ndi zilambe zolendewera, phokoso linabwerera. Mnyamata uja anaimika dzanja.

"Amayi, imani pompo. Mwamva? Kali m'tchire ilo, cha m'munsimu."

Kanali kakang'ono kuposa mpheta yonenepa, kosakhazikika, kofufuza tizilombo kunsi kwa masamba. Msana wobiriwira, kumaso kwakuda, pakhosi ndi pamimba pachikasu chowala, ndipo pachifuwa padutsa mzere wakuda. Kanaonekera kanthawi kochepa n'kulowanso. Ndinalemba zonse manja akunjenjemera, ndipo Loweruka lotsatira ndinakaonetsa achemwali a ku laibulale aja. Anakondwera ngati akaona okha.

Koma ndinatsika phirilo mtima uli wolemera. Kambalame kameneka kali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha, ndipo chifukwa chake chimaoneka ndi maso. Nkhalango yachilengedwe yatsala m'zigawozigawo, m'makwawa ndi m'mphepete mwa mitsinje. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala phiri limayaka moto usiku, tonse m'tauni timauona. Matumba a makala amatsika pa njinga, matabwa pamitu, ndipo ife amene timadandaula ndife omwe timagula, chifukwa magetsi akazima mbaula ndiyo imaphika nsima. Sindinganene kuti mayi wosenza nkhuni pa Potato Path, kanjira kapansi kotsika phirili, ndiye wolakwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti madzi a m'mipopi yathu amachokera ku damu la Mulunguzi, pamwamba pomwepo, ndipo mitengo imene imasunga kambalame kaja ndi yomweyo imene imasunga akasupe. Zomba ikataya nkhalango imeneyi, sitaya mbalame yokha.

Madzi a phirili akatsika amakathera ku Chilwa, ndiye nanenso ndinawatsatira. Mulunguzi amathira mu Likangala, Likangala mu nyanja. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko muno, yosazama, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi. Pa doko la Kachulu, pamene mabwato a ku Chisi amakocheza ndipo matemba ayanikidwa pa mathandala, sufunika kusaka mbalame. Akakowa ali mbee m'mphepete, mavuwo akuyandama patali, abakha am'tchire akudutsa m'magulu akulira ngati mluzu. Nkhwazi, imene ili pa chizindikiro cha dziko lathu, inalira itaponya mutu kumbuyo.

Imene inandigwira mtima ndi ina yofiirira, ya khosi loyera ndi chipumi cha buluu, imene buku limaitcha jacana. Zala zake ndi zazitali modabwitsa, moti imayenda pamasamba a kakombo osamira. Pa mbalame imeneyi yaikazi ikaikira mazira imachoka, yaimuna ndiyo imafungatira ndi kulera, ndipo pakaoneka choopsa imanyamula ana m'mapiko, timiyendo tawo tikulendewera panja. Wopalasa bwato wathu anati amaziona kawirikawiri zimenezo akamapita ku zimbowera, tinyumba toyandama ta asodzi. Anandiuzanso mosabisa kuti nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, kuzitchera misampha n'kukagulitsa zowamba. Ndinamumvetsa. Ku Chilwa mbalame ndi ndiwo ndiponso ndi fizi ya ana. Funso ndi loti kutchera kuzisiyako nthawi yoswana, kuti chaka chamawa zidzapezekenso.

Kabuku ka ana kaja kanandipatsa kalendala yatsopano. Kabawi sakhala kuno chaka chonse, amafika cha mu Ogasiti kuchokera kumaiko ena a mu Africa momwe muno. Anamzeze ena ndi okhazikika, amene amamanga zisa zamatope pansi pa milatho ndi m'makhonde. Koma ena, a khosi lofiirira ndi mimba yoyera, amafika cha mu Okutobala kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, kumene amaswana. Kambalame kolemera magalamu pafupifupi 20 kamadutsa nyanja ndi chipululu cha Sahara kudzadya tizilombo ta nyengo yathu ya mvula, ndipo cha mu Malichi ndi Epulo timakaona katandandalika ndi anzake pamawaya a magetsi, kukonzekera kubwerera. Anthu anadziwa zimenezi pomanga timphete ta manambala kumiyendo ya mbalame, njira imene inayamba ku Denmark mu 1899. Agogo anga ankati anamzeze akachuluka ndiye kuti mvula yayandikira, mbewu zikhale pafupi. Ankanena zoona.

Ena amandifunsa kuti bwanji osangogwiritsa ntchito foni. Ndimaigwiritsa, makamaka pofuna kumva kulira kwa mbalame, pakuti buku silingaimbe. Koma bandulo imatha, ndipo pafoni umaona mbalame imodzi pa nthawi imodzi. M'buku tsamba limodzi limakuikira achoso asanu ndi mmodzi pamodzi, n'kuona wekha kuti uyu mzere wake wofiira ndi waukulu, uyo ndi wopyapyala. Komanso ku laibulale kuli anthu. Kuli achemwali aja amene amandisungira nkhani akaona buku latsopano la zachilengedwe lafika. Kuli abambo opuma pantchito amene amabwera kudzawerenga nyuzipepala, ndipo mmodzi wa iwo, atandiona ndikujambula, anandiuza kumene ankaona nang'omba ali mnyamata, cha ku Jali. Palibe amene anandifunsapo kuti mayi wamkulu ngati inu mukuwerengeranji za mbalame. Ngati pali chimene mwakhala mukufuna kuchidziwa, kaya kusoka, kuweta njuchi, kujambula kapena nyenyezi, pitani mukafunse pa tebulo paja. Mutenge chitupa chanu ndi kope.

BP ija inatsika, ndipo mankhwala ndikumwabe monga anandiuzira kuchipatala. Kuyenda kwa m'mawa sikufunanso kundikakamiza.

Pakali pano ndasunthira pa shelefu ya 580. Mawu a bambo a pa benchi aja anandionetsa kuti wofuna mbalame ayenera kudziwa mitengo, kuti uti ukuchita maluwa mwezi uno, uti ukupsa zipatso, uti uli ndi mphako. Mkuyu, mbawa, msuku ndi jakaranda ndimazizindikira, koma yambiri ya m'phiri sindinaidziwe maina. Ndabwereka buku la mitengo, ndipo achemwali a ku laibulale andiuza kuti masamba amene andivute ndikhoza kukafunsa ku National Herbarium, imene likulu lake lili mumzinda womwe uno. Anyamata aja avomera kundithandiza kutola masamba ndi kuwapanikiza m'manyuzipepala akale. Tiyambira m'mbali mwa Mulunguzi masuku akayamba kupsa.